Wotchi Si Chigwinjiri

Pakati pa zinthu zonse zimene munthu amavala, wotchi ndi yokhayo imene idapangidwa kuti izimuuza mwini wake zoona ngakhale iye asakuzifuna. Malaya amabisa nthiti za munthu wanjala, nsapato zimabisa ming'alu ya kumapazi, chipewa chimabisa dazi, koma wotchi ikati nthawi yakwana 7 koloko ndiye kuti yakwana basi, kaya mwini wake wafika kale kuntchito, kaya akali pamphasa. N'chifukwa chake n'zomvetsa chisoni kuona kuti chipangizo chaulemu chotere chasanduka chidole. Pa ukwati, pa msonkhano, m'minibasi za pamsewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, ngakhalenso pa maliro, pamapezeka amuna ndi anyamata ovala mawotchi a lamba wachitsulo wokhwepa, amene amatsetsereka kuchoka padzanja kukafika pakati pa mkono, kenaka n'kubwerera kudzagunda kuseri kwa chikhato. Eni ake amati kumeneko ndiye kutchena. Maganizo amenewa ngolakwika ndipo ayenera kutsutsidwa poyera. Wotchi yolendewera imadziwononga yokha, imaika mwini wake pangozi, ndiponso imaulula kuti wavalayo akufuna maso a anthu koposa nthawi.

Poyamba n'kofunika kusiyanitsa wotchi ndi chigwinjiri. Makolo akale adali ndi zokometsera mikono zawo: zigwinjiri zamkuwa, zibangili, mikanda, ndi makoza a minyanga ya njovu. Zinthu zimenezi zidapangidwa dala kuti ziziyendayenda pamkono, zizilira ngwinjiri! ngwinjiri! mayi akamasinja kapena akamavina, ndipo kukoma kwake kudali komweko. Wotchi yapamkono idafala pa chifukwa china. Kale azungu ankasunga mawotchi awo m'thumba, atawamangirira ku katcheni. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira mu 1914 mpaka mu 1918, asilikali adaona kuti munthu wogwira mfuti ndi manja awiri sangathe kupisa m'thumba kuti aone nthawi, choncho ambiri adayamba kumangirira mawotchi pamkono. Nkhondo itatha, mchitidwewu udafalikira kwa anthu wamba. Tsono cholinga chonse cha wotchi yapamkono n'chakuti munthu angotembenuza dzanja pang'ono, diso ligwe pa mivi, ntchito isaime. Wotchi imene yatembenukira kunsi kwa mkono, imene mwini wake ayenera kuikutumula kaye kapena kuikokera ndi dzanja linalo asanawerenge nthawi, yataya chifukwa chenicheni chimene idapangidwira.

Anthu a m'chigwa cha Domasi sayenera kuphunzitsidwa za kufunika kwa nthawi, pakuti chigwachi chakhala chikumva belu kwa zaka zoposa zana limodzi. Azungu asanabwere, anthu okhala pakati pa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa ankadziwa nthawi pomvera tambala woyamba ndi wachiwiri, poona nthanda kum'mawa, ndi poyang'ana mthunzi dzuwa likafika paliwombo. Mu 1884 amishoni a ku Scotland ochokera ku Blantyre adatsegula mishoni ya Domasi, ndipo tsiku lidayamba kugawidwa m'maola. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma lidatsegula sukulu ya Jeanes yophunzitsa aphunzitsi. Mu 1982 padatsegulidwa Malawi Institute of Education, kumene amakonza maphunziro a m'sukulu, ndipo mu 1993 padatsegulidwa Domasi College of Education. Mphunzitsi wosulidwa m'chigwa chimenechi ankaiona wotchi monga mlimi aonera khasu. Inkamuuza nthawi yoyamba phunziro, nthawi yolemba pabolodi, ndi nthawi yotulutsa ana. Khasu logwedera pa mpini palibe mlimi amene amalinyadira. Amalikhoma kaye, kenaka n'kulowa m'munda.

Gulu lina limene lidadzaza mawotchi m'midzi ndi la amuna amene ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Cha mu 1973 Amalawi ogwira ntchito m'migodi imeneyi adaposa 100,000. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi amene ankabwerera kwawo, ndipo boma lidaimitsa kalembera. Ulendowu udayambiranso mu 1977 kudzera ku TEBA, n'kudzatheratu mu 1988. Amuna amenewa ankabwera ndi njinga, wailesi, mabulangete, suti ndi wotchi. N'zoona kuti ena mwa iwo ankapinda malaya dala kuti anthu aione wotchiyo, pakuti kunyada sikudayambe lero. Komabe wotchi imeneyo idagulidwa ndi thukuta la pansi pa nthaka, ndipo mwini wake ankaisamala ngati dzira. Ankaivula posamba, ankaipukuta, ankaisunga m'sutikesi popita kumunda. Munthu amene waona mnzake akufera mumgodi salola kuti chinthu chimene wagula ndi malipiro akumeneko chizigundagunda pa zitseko.

Nanga kukhwepa kumeneku kumachokera kuti? Yankho lake lingachititse manyazi anthu amene amakutcha fashoni. Lamba wachitsulo, amene ena amangoti tcheni, amapangidwa ndi timfundo tambiri tolumikizidwa ndi timisomali kapena tisikuluwu ting'onoting'ono. Popeza kampani yopanga mawotchi sidziwa kukula kwa mkono wa munthu amene adzagule, imatulutsa lamba wautali woti akwanire ngakhale munthu wa mkono waukulu. Mfundo zingapo za kufupi ndi chotsekera zimapangidwa mwa njira yoti zitheke kuchotsedwa. M'masitolo enieni a mawotchi, wogulitsa amayeza mkono wa wogula ndi kuchotsa mfundo zosafunika wogulayo asanatuluke pakhomo. Koma mawotchi ambiri a m'dziko muno safika kudzera m'masitolo otere. Ena amabwera ngati mphatso kuchokera kwa wachibale wa ku Joni, ena amapezeka pa kaunjika, ena amagulidwa pa benchi ya pamsika kapena pa zenera la basi. Palibe amene amayeza mkono, palibe amene amachotsa mfundo. Choncho chimene mnyamata akuchinyadira kuti ndi kavalidwe kamakono ndi ntchito yosamalizidwa chabe, monga buluku wogula pa kaunjika amene sadapite naye kwa telala.

Kavalidwe koyenera sikovuta kukafotokoza. Pamene dzanja lalumikizana ndi mkono pali kafupa kotuluka cha kumbali ya chala chaching'ono. Wotchi iyenera kukhala kumtunda pang'ono kwa kafupa kameneka, osati pamwamba pake kapena kupitirira mpaka padzanja. Lamba ayenera kugwira mkono mwakuti nsonga ya chala chaching'ono itha kulowa pakati pa chotsekera ndi khungu, koma osati zala ziwiri kapena zitatu. Munthu akakweza dzanja m'mwamba, wotchi isunthe pang'ono chabe, ndipo akatembenuza mkono, nkhope ya wotchi isazungulire kunsi. Kuthina nakonso n'kulakwa. Lamba amene amasiya zidindo zakuya pakhungu kapena kuchititsa dzanzi ngwamfupi, ndipo afunika kuonjezera mfundo. Chofunika ndi muyezo wapakati, umene mwini wotchi amatha nawo tsiku lonse osakumbukira kuti wavala kanthu.

Vuto loyamba la wotchi yolendewera ndi lakuti imadya lamba wake womwe. Nthawi iliyonse pamene wotchi yatsetsereka n'kuima mwadzidzidzi, kulemera kwake kumakoka timisomali tonse ta m'mfundo. Pakati pa kamsomali ndi bowo lake pamalowa fumbi losakanizika ndi thukuta, ndipo phala limeneli limagwira ntchito yonga ya mwanamphero pa mphero. Likapera lero, likapera mawa, timisomali timadyeka, mabowo amakula, ndipo mfundo zimatalikirana. Anthu amati lamba wakokeka, koma chitsulocho sichidatanuke ngati mphira ayi, chidadyeka. Choipa n'chakuti kukhwepa kumabala kukhwepa kwina, chifukwa lamba akadyeka wotchi imalendewera koposa kale, ndipo ikalendewera koposa kale amadyeka msanga. Kudera la fumbi ngati la kumunsi kwa chigwa cha Domasi, cha ku nyanja ya Chilwa, m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, mphero imeneyi sipuma. Pang'onopang'ono ndi mtolo: tsiku lina kamsomali kamodzi kamaduka, wotchi n'kugwera m'ngalande kapena pansi pa mpando wa basi.

Amene amati akutsanzira anthu olemera aganizire zimene makampani opanga mawotchi apamwamba amachita. Kampani ya Rolex, imene Hans Wilsdorf adaiyambitsa ku London mu 1905 ndipo pambuyo pake idasamukira ku Geneva m'dziko la Switzerland, idatchuka ndi malamba atatu: Oyster, Jubilee amene adatuluka mu 1945, ndi President amene adatuluka mu 1956. Golide wa makarati 18 amene amapangira ena mwa malambawa ali ndi magawo 75 pa 100 alionse a golide weniweni, ndipo ngofewa kuposa chitsulo, kotero kuti amadyeka msanga akamavalidwa mokhwepa. Anthu ogula mawotchi akale otere amayesa lamba pogwira mutu wa wotchi chammbali ndi kuona mmene lambayo akuwerama. Akawerama kwambiri, mtengo umatsika. Pofuna kuthana ndi vutoli, kampaniyi idayamba kuika timachubu tolimba kwambiri m'mfundo za malamba ena agolide. Idapanganso chotsekera chokhala ndi kachidutswa kotchedwa Easylink, kamene kamatalikitsa lamba ndi mamilimita 5, ndi china chotchedwa Glidelock, chimene chimasuntha ndi mamilimita 2 pa sitepe iliyonse mpaka pafupifupi mamilimita 20. Akatswiri a ku Geneva amathera zaka akulimbana ndi mamilimita awiri, pamene wowatsanzira wa kuno wasiya mpata wolowa zala zitatu n'kumati akufanana nawo.

Chitsanzo china chili kutali kuposa ku Geneva. Mu Julayi 1969, pamene anthu adaponda pa mwezi kwa nthawi yoyamba, Buzz Aldrin adavala wotchi ya Omega Speedmaster kunja kwa chovala chake chochindikala cha mumlengalenga. Lamba wachitsulo sakadakwanira pamenepo, choncho adagwiritsa ntchito lamba wautali wansalu womata, amene adaigwira wotchiyo zolimba pamkono. Anthu amene moyo wawo udadalira mphindi sadafunse ngati lambayo akunyezimira. Adafunsa ngati wotchi ikhale pamalo pake. Umu ndi mmene amaganizira munthu aliyense amene wotchi kwa iye ndi chida, kaya ali pa mwezi, kaya ali m'kalasi.

Vuto lachiwiri ndi ngozi. Wotchi yotsikira padzanja ndiyo imayamba kugunda chitseko, desiki, ndi chitsulo cha minibasi, ndipo galasi lake silichedwa kukalika kapena kusweka. Mutu wa wotchi umalumikizidwa ku lamba ndi tizitsulo tiwiri ta sipuling'i topyapyala ngati mtengo wa machesi, ndipo kukokedwakokedwa kumatifooketsa. Wakuba m'chigulu cha anthu pa depoti amakondwa kuona lamba wokhwepa, chifukwa chala chake chimapeza polowa. Koma izi n'zazing'ono poyerekeza ndi zimene zingachitikire thupi. M'chigwa cha Domasi muli zigayo za chimanga ndi makina opunthira mpunga, ndipo lamba wa makina akakola chinthu cholendewera safunsa kuti mwini wake ndani. Amakaniko amadziwa kuti lamba wachitsulo akakhudza malo olakwika pa batire ya galimoto, magetsi amadutsamo n'kumutenthetsa mpaka kuwotcha khungu. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito yake amavula wotchi ndi mphete asanagwire makina. Anamwino nawo ali ndi mwambo wakale wopachika wotchi pachifuwa m'malo mwa pamkono, pofuna kuti manja azisambika bwino ndi kuti litsiro lisabisale pansi pa lamba. Anthu ogwira ntchito zenizeni amadziwa pamene wotchi iyenera kukhala ndi pamene siyenera kukhala.

Omwe amakonda wotchi yokhwepa ali ndi zifukwa zawo, ndipo chilungamo chifuna kuti zimvedwe. Chifukwa choyamba ndi kutentha. Iwo amati m'mwezi wa Okutobala mkono umatupa ndipo thukuta limasonkhana pansi pa wotchi, kotero kuti lamba wogwira bwino amasautsa. Mfundo imeneyi ili ndi choonadi. Mkono wa munthu umakula pang'ono kukatentha ndipo umachepa kukazizira, moti wotchi yokwana bwino mu Juni, chiperoni chitakuta phiri la Zomba, itha kuthina mu Okutobala. Koma kusiyana kumeneku ndi kwa mamilimita owerengeka, osati kwa mfundo zitatu. Opanga mawotchi adaliganizira kale vutoli. M'mbali mwa chotsekera cha malamba ambiri, ngakhale otsika mtengo, muli timabowo titatu kapena kuposerapo. Kachitsulo ka sipuling'i kakasunthidwa kuchoka pa bowo lina kupita pa linzake, lamba amatalika kapena kufupika pang'ono. Ntchito imeneyi imatheka ndi singano kapena phini m'mphindi ziwiri. Munthu sagwetsa khoma la nyumba chifukwa cha kutentha pamene zenera lilipo.

Chifukwa chachiwiri n'cholemekezeka koposa. Pali ena amene wotchi yawo ndi chosiyiridwa ndi bambo kapena malume amene adatsikira kulichete, ndipo amaona ngati kuchotsa mfundo n'kunyoza malemuwo. Mtima umenewu ngwabwino, koma njira yake njolakwika. Kulemekeza chuma cha malemu ndiko kuchisunga kuti chifike kwa adzukulu. Wotchi yovalidwa mokhwepa imadyeka, imasweka galasi, ndipo tsiku lina imatayika, pamene yochotsedwa mfundo ziwiri imatha kukhala zaka zambiri. Mfundo zochotsedwazo sazitaya. Amazikulunga pa kapepala pamodzi ndi timisomali take n'kuzisunga, kuti mwana amene adzakhale ndi mkono wonga wa agogo ake adzazibwezeretse. Mnyamata wosiyiridwa jekete ya bambo ake amapita nayo kwa telala, ndipo palibe amene amati wanyoza maliro.

Chifukwa chachitatu sichinenedwa mokweza, koma ndicho chenicheni. Wotchi yolendewera imaoneka. Imatuluka kunja kwa mkono wa malaya, imanyezimira padzuwa, imalira mwini wake akamaloza kapena akamapereka moni, ndipo imamupatsa chifukwa chokutumulira dzanja pamaso pa anthu. Apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza thumba la wophunzira. Mu 2024 mtengo wa Rolex Submariner yatsopano yachitsulo udaposa madola 9,000 a ku America. Pamene ndalama ya kwacha idagwa ndi magawo 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023, ndalama zoterezi zidali mamiliyoni ochuluka zedi. Tsono wotchi yolembedwa dzina limeneli, imene ikugulitsidwa pa benchi pa mtengo wa nkhuku ziwiri kapena zitatu, siingakhale yeniyeni. Ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lamba wake nthawi zambiri ngwa malata opindidwa, ndiye chifukwa chake amalira ngati maseche. Utoto wake wagolide umasupuka m'miyezi yochepa, ndipo chitsulo cha pansi pake chimadetsa khungu, mwinanso kuyambitsa zidzolo kwa anthu amene thupi lawo siligwirizana nacho. Mnyamata amene wadya ndalama ya buku kapena ya mayeso pogula chinthu chotere wanamizidwa kawiri: wogulitsa wamunamiza, iyenso akudzinamiza. Nsalu yobwereka sithetsa usiwa, ndipo dzina lobwereka silithetsa umphawi.

Wofuna nthawi yolondola safunika mamiliyoni. Pa 25 Disembala 1969 kampani ya Seiko ya ku Japan idatulutsa Astron, wotchi yapamkono yoyamba kugulitsidwa yoyendera kamwala ka quartz ndi batire. M'mawotchi ambiri a mtundu umenewu masiku ano kamwalako kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi iliyonse, ndipo kunjenjemera kumeneku ndiko kumawerenga nthawi. Wotchi yapamwamba ya ku Switzerland yoyendera sipuling'i imalandira satifiketi ya kulondola ngati sitsalira ndi masekondi oposa 4 kapena kuthamanga ndi masekondi oposa 6 pa tsiku. Koma Casio F-91W, kawotchi kakuda ka lamba wa pulasitiki kamene kadatuluka mu 1989, kamaphonya ndi masekondi pafupifupi 30 pa mwezi wathunthu. Kunena kwina, kawotchi kotsika mtengo kamasunga nthawi bwino kuposa wotchi ya golide. Sikuti mawotchi apamwamba ngachabe ayi. Luso limene lili m'kati mwake ndi lodabwitsa, ndipo amene wapeza ndalama zake mwachilungamo ali ndi ufulu wogula. Koma wophunzira adziwe kuti mtengo waukuluwo amalipirira luso, golide ndi dzina, osati nthawi. Nthawi njotsika mtengo kwa aliyense wofuna kuisunga.

Ena amati masiku ano foni ya m'manja imanena nthawi, choncho wotchi yatsala yokometsera chabe ndipo aliyense aivale mmene afunira, popeza ndalama ndi zake. Kuti ndalama ndi zake palibe wotsutsa. Ngakhale wogula njinga ali ndi ufulu woiyendetsa matayala ali ophwa, koma anthu sangamutche wanzeru. Komanso si zoona kuti foni yalowa m'malo mwa wotchi paliponse. M'chipinda cha mayeso foni siloledwa, ndipo maola a pepala amawerengedwa pa wotchi. Kumudzi kumene magetsi kulibe, kapena kumene athima tsiku lonse, foni imazima pamene batire ya wotchi imatha chaka kapena kuposerapo. Mlimi amene miyendo yake ili m'matope ku sikimu ya mpunga ya kumunsi kwa mtsinje wa Domasi, amene akudikira nthawi yake yolandira madzi m'ngalande, sangamapise m'thumba ndi manja amatope. Ali ngati msilikali uja wa mu 1914. Kwa anthu onsewa wotchi ikadali chida, ndipo chida chiyenera kukwana mwini wake.

Chomvetsa chisoni koposa zonse n'chakuti kawirikawiri wotchi yonyezimira imafika mochedwa pa msonkhano. Msonkhano woitanidwa 9 koloko umayamba dzuwa lili paliwombo, chifukwa mlendo wolemekezeka, amene pamkono pake pakulendewera chitsulo cholemera, sadafike. Amayi amene adasiya ntchito kumunda, ana asukulu amene aima padzuwa kuyambira m'mawa, ndi mafumu okalamba amene adayenda pansi, onse amadikira. Mlendoyo akafika amakutumula dzanja, kuyang'ana wotchi mwaulemerero, n'kupepesa ndi mawu awiri. Pena zimapezekanso kuti wotchi ina imene ikunyadiridwa idaima kalekale, batire idatha, koma mwini wake akuivalabe chifukwa ntchito yake kwa iye sidali yonena nthawi. Anthu amaseka n'kumati imeneyo ndiyo nthawi yachikuda, koma mawuwa ngonyoza makolo. Makolo amene ankalawirira kumunda tambala woyamba atangolira, amene ankabzala ndi mvula yoyamba osaphonya tsiku, ankasunga nthawi popanda wotchi. Wochedwa wa lero ali ndi wotchi koma alibe nthawi. Lamba wokhwepa ndi khalidwe lokhwepa zimachokera pa muzu umodzi, umene ndi kukonda maonekedwe a chinthu koposa ntchito yake.

Mankhwala a vutoli ngapafupi ndipo ngotsika mtengo. M'tawuni ya Zomba ndi m'misika ikuluikulu mumapezeka amisiri okonza mawotchi amene amakhala pa khonde ndi kabokosi kagalasi. Mwini wotchi apite nayo kumeneko, aivale, ndipo atsine lamba kuti aone kuchuluka kwa mfundo zoonjezera. Mmisiri wodziwa amachotsa mfundo mbali zonse ziwiri, kuti chotsekera chikhale pakati penipeni kunsi kwa mkono, pakuti chikapendekera mbali imodzi chimakoka mutu wa wotchi. Kuseri kwa mfundo zambiri kuli timivi tosonyeza kumene kamsomali kayenera kutulukira, ndipo wokhoma mosemphana ndi timiviti amawononga bowo. Ngati mfundo imodzi ikuchititsa kuthina ikachotsedwa ndi kukhwepa ikabwezedwa, timabowo ta pa chotsekera tija ndito timamaliza muyezo. Ndi bwino kuyeza masana, mkono utatenthedwa, osati m'mamawa kukuzizira. Pambuyo pake lamba azitsukidwa nthawi ndi nthawi ndi mswachi wakale ndi madzi a sopo pang'ono, mosamala kuti madzi asalowe m'mutu wa wotchi, kenaka n'kupukutidwa. Fumbi likachoka, mphero ija imaima.

Wina atha kufunsa chifukwa chimene nkhani yaing'ono ngati ya lamba wa wotchi ikutengera masamba m'buku la sukulu. Yankho n'lakuti khalidwe la munthu limaonekera pa zinthu zazing'ono. Wophunzira wa Fomu 4 posachedwa adzalandira malipiro ake oyamba, ndipo msika udzamuitana ndi zinthu zambiri zonyezimira: foni, nsapato, galimoto, ngakhale maudindo. Pa chilichonse adzayenera kudzifunsa mafunso omwewa. Kodi chinthuchi n'chenicheni? Kodi chikundikwana? Kodi ndikuchifunira ntchito yake kapena maso a anthu? Amene waphunzira kuyankha mafunsowa pa wotchi adzawayankhanso bwino pa ngongole, pa ukwati ndi pa mpando. Amene walephera adzakhala moyo wake wonse atavala zinthu zomukulira, akukutumula dzanja kuti anthu amuone.

Choncho wokhala ndi wotchi yokhwepa apite nayo kwa mmisiri sabata ino, achotsetse mfundo zosafunika ndi kuzisunga. Wofuna kugula wotchi asankhe yeniyeni yotsika mtengo m'malo mwa yonamizira ya dzina lalikulu. Ndipo onse awiri, wotchi ikakhala pamalo pake, aimvere. Ikati 7 koloko, belu la sukulu liwapeze atafika kale.